Chipewa Changa pa Babu la Mayi Nasuluma

Atandisankha kukhala tcheya wa komiti ya m'dera lathu, ndinayamba kuyenda ngati msewu ndinalambula ndine. Tinakhazikitsa lamulo lakuti chilichonse chowala panja chizikhala chovindikira pamwamba, chifukwa anthu ankadandaula kuti kuwala kukuwasowetsa tulo.

Tsiku lina masana ndinafika pa okala ya mayi Nasuluma, ogulitsa tomato. Babu lawo linali pamtunda, lopanda chovindikira.

"Mayi, chotsani babu ili lero lomwe. Mukapanda kutero, okalayi titseka."

"Pepani a Tcheya," anayankha modzichepetsa, "sindikudziwa kukula kwa chovindikira chimene mukufunacho. Tandibwerekani chipewa chanu ndiyesere."

Ndinavula monyadira. Iwo anachiveka pa babupo, ndipo chinakwana bwinobwino. Pomwepo dzuwa linamenya padazi langa.

Mayiwo anatchinga maso ndi dzanja. "Langa lamvera lamulo, a Tcheya. Nanga lanuli? Likutithobwa m'maso."

Ogula onse anafa nalo phwete. Ndinatambasula dzanja kuti nditenge chipewa changa.

"Mukavundukula, wophwanya lamulo mukhala inu," anatero akusanja tomato wawo.

Ndinabwerera kunyumba nditafunda kampango kopukutira thukuta.