Mafunso a Mpongozi

Ku Zingwangwa konse kunalibe munthu wodziwa kupukuta nsapato ngati a Nikolasi. M'mawa uliwonse ankakhala pakhonde, bulashi m'manja, n'kuzipukuta mpaka nkhuku zodutsa zinkadziona nkhope. Anagwira ntchito ya umesenjala m'tauni zaka makumi atatu, ndipo ankanyadira kuti sanakwerepo minibasi popita kuntchito.

"Miyendo iyi ndi ya ku Nsanje," ankatero akudzimenya pantchafu. "Siidziwa chipatala."

Mwina miyendoyo sinkachidziwadi chipatala, koma mwini wake ankachidziwa bwino lomwe. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi, Lachiwiri loyamba la mwezi uliwonse, a Nikolasi ankatchena jekete n'kuuza anansi kuti akukaona za penshoni. Penshoni yakeyo inali benchi ya odwala shuga pa chipatala chaching'ono cha boma ku Chilomoni, kutali ndi maso a anthu a kumphakati kwawo kutchalitchi. Buku la kuchipatala ankalibisa m'katoni ya nsapato, pansi pa mabulashi. Pamaliro ndi paukwati ankathira masipuni anayi a shuga m'tiyi kuti aliyense aone thanzi. Chimwalirireni akazi awo, mayi Petronela, panalibenso wina wodziwa.

Loweruka lina mu Julayi kunabwera Sophie, mkazi wa mwana wawo Samuel. Samuelyo anali dalaivala wa mathiraki ndipo sabata imeneyo anali ku Beira. Sophie anagwada chapatali, monga achitira mkazi wolowoledwa pamaso pa apongozi ake, n'kutulutsa mapepala m'chikwama.

"Bambo, kuntchito kwathu atilola kulembetsa kholo pa inshulansi ya zaumoyo. Ine makolo anga anatsogola, ndiye ndati ndilembetse inuyo. Kungoti pali fomu yoti tiyankhe."

"Funsani, amake Lucius."

"Masikimu ake ndi awiri. Ina ndi ya anthu opanda vuto. Inayo ndi ya akuluakulu amene ali ndi matenda okhalitsa, monga shuga kaya bipi. Imeneyo amandidula zochulukirapo pang'ono pa salale, ndipo mumadikira miyezi sikisi, koma ikatha amalipira zonse, mankhwala ndi opaleshoni yomwe. Chachikulu n'kungonena zoona."

A Nikolasi anagwedeza mutu ngati munthu amene choonadi amadyera nacho limodzi.

"Kodi mumamva ludzu pafupipafupi?"

"Ayi."

"Mukavulala, bala limachedwa kupola?"

"Ayi."

Sophie anaweramitsa mutu, mawu n'kutsika. "Apa akufunsa kuti mumadzuka kangati usiku kukataya madzi."

A Nikolasi anamva kutentha m'makutu. Mkazi amene iwo anakamuperekera ng'ombe ku Bangula, amene sanadyepo naye mbale imodzi, lero awerenge maulendo awo a kuchimbudzi? Yankho loona linali kasanu. Linafika pakhosi, linaona nkhope ya mpongozi, n'kubwerera komwe linachokera.

"Ine ndikagona ndagona," anatero.

Sophie sanali wopusa. "Bambo, ngati mafunsowa ndi olemera, ndisiye fomuyi. A Samuel akabwera mukambirane amuna okhaokha."

"Palibe chokambirana. Chongani ayi mpaka pansi."

Ayi anatsika ndi pepala lonse, pa shuga pomwe, ndipo a Nikolasi anasaina ndi siginecha yopiringizika ija ya ku ofesi. Tsiku limenelo anachira matenda onse, ndi bolopeni chabe.

Khadi ya inshulansi itabwera, inayenda kuposa mwini wake. Inaonetsedwa kumphakati, inaonetsedwa kwa ometa tsitsi, inagwa mwangozi pamaso pa tcheyamani wa tchalitchi kawiri konse. Ena anayamba kuwatcha bwana. Koma Lachiwiri lina, akuyandikira benchi yawo ku Chilomoni, anaona mayi wina wa m'kwaya atakhala pomwepo ndi buku lake m'manja. A Nikolasi anatembenuka ngati aiwala chinthu kunyumba. Munthu wa khadi angapezeke bwanji pa mzere wa boma? Sanabwererekonso.

Apa mpamene nzeru zawo zinawapanikiza pakona. Ku boma sakanapita chifukwa anali bwana. Ku chipatala cholipira sakanapempha mapilitsi a shuga chifukwa pa pepala analibe shuga, komanso zonse zimene khadi yagula zinkadzera ku ofesi ya Sophie. Choncho anayamba kuwiritsa masamba a nimu mobisa, ndipo khadiyo anaigwiritsa ntchito yofunika kwambiri: anagulira magalasi a mafelemu agolide.

Sabata ya Pasaka ili pafupi, kamsomali ka m'nsapato yakumanzere kanawabaya kuphazi. Sanamve kanthu, poti phazilo linali litachita dzanzi kalekale. Anadzaona bala patapita masiku, nalikulunga ndi kansanza, n'kupukuta nsapato pamwamba pake mpaka kung'anima. Pa Njira ya Mtanda anayenda motsimphina, ndipo wowafunsa anamuyankha kuti akumva nawo zowawa za Ambuye.

Lamulungu lotsatira Sophie anabwera kudzawaona. Anapeza ntchentche zitasiya dzala la anansi n'kudzachita msonkhano pa nsapato imodzi. Nkhalambayo inali kunjenjemera dzuwa likuswa mtengo.

"Bambo, mundikhululukire, vulani nsapatoyo."

"Amake Lucius, malire."

Malirewo anatha Lachitatu, pamene anansi anawapeza atakomoka pakhonde n'kumuimbira foni Sophie. Polongedza zovala zopita nazo kuchipatala, Sophie anatsegula katoni ija kufuna masilipasi, napeza buku lodzaza ndi zidindo za zaka zisanu ndi chimodzi. Anakhala pansi kaye. Mtima unamupweteka, osati chifukwa cha bodza lokha, koma poganiza kuti munthu wamkuluyu wakhala akudwala yekhayekha ali ndi ana. Atafika ku chipatala cholipira, anapereka bukulo kwa dokotala, chifukwa moyo sausewera chibisalirano.

Dokotala anaona phazi, anaona buku, n'kunena kuti akalowa nalo kufiyeta kukachitidwa opaleshoni tsiku lomwelo ataya zala ziwiri basi. Anthu a inshulansi nawonso anaona buku lomwelo, n'kuliika pambali pa fomu ija ya ayi.

"Mayi, pepani," anatero mlembi wa pawindo. "Matendawa anali nawo kale ndipo sanawanene. Akanalemba sikimu ya matenda okhalitsa, miyezi sikisi inatha mu Janyuwale. Bwenzi pano tikuwakankhira kufiyeta."

Mtengo wolipira okha umene anatchula unali woti Sophie angoseka kapena kulira. Samuel anali atatsekeredwa pa boda ndi thiraki ya feteleza, mapepala a katundu atavuta. Choncho a Nikolasi, magalasi agolide ali pamphuno, khadi ili m'thumba la jekete, anatengedwa kupita ku chipatala chachikulu cha boma, kwa anthu wamba aja ankawathawa. Kumeneko anawalandira bwino, koma patsogolo pawo panali ovulala pa ngozi ya basi. Anadikira masiku anayi. Chilonda sichinadikire nawo. Mwendo wa ku Nsanje uja, wosadziwa chipatala, unatsala komweko kuyambira pansi pa bondo.

Wodwala aliyense m'wodi amafunika gadiyani, ndipo panalibe wina koma Sophie. Anatenga tchuthi kuntchito, n'kumagona pa chitenje m'khonde la chipatala pamodzi ndi magadiyani anzake. Popeza impso za a Nikolasi zinali zitayamba kufooka, nesi anam'patsa botolo ndi pepala.

"Muzilemba kuti akodza kangati, komanso wochuluka bwanji. Musadumphitse."

M'mawa mwake Sophie anafika pambali pa bedi. Anagwada monga mwa masiku onse, ngakhale pansi panali ponyowa ndi mopu, bolopeni ili m'manja.

"Bambo, usiku wathawu kangati?"

A Nikolasi anayang'ana kudenga.

"Kasanu, amake Lucius."

Sophie analemba, anatenga botolo pansi pa bedi, n'kupita kukataya. Dziko silinagwedezeke. Denga silinagwe. Mawu amodzi omwewo, akanatuluka mu Julayi pakhonde paja, bwenzi ali ndi miyendo iwiri, ndipo a Nikolasi anazidziwa zimenezi kuposa wina aliyense. Anatembenukira kukhoma n'kulira mwakachetechete.

Masiku ano mukadutsa ku Zingwangwa m'mawa mudzawapeza pakhonde pomwe paja, ndodo ziwiri zitatsamira khoma, bulashi m'manja. Ntchito inachepa ndi theka, chifukwa yopukuta ndi imodzi. Yakumanzere ili m'katoni, pamalo pamene pankagona buku. Lachiwiri loyamba la mwezi Sophie amawakweza minibasi kupita ku benchi ya shuga, ndipo mayi wa m'kwaya uja ndi amene amawasungira malo. Akuluakulu sananame ponena kuti manyazi anapha lambe.