Nkhope ya Galimoto ya a Kanyumbu

Tasenderani kuno, ana inu, phokoso la chigayoli lingakulandeni mawu anga. Khalani pamatumbapo, chimanga sichiluma. Mwamvapo akuluakulu akutchula pusi wina amene anagwa mumtengo? Ena adzakuuzani kuti anali wa m'nkhalango. Kaya kwawoko. Wa kuno ku Mponela ankavala jekete, ndipo dzina lake anali a Filimoni Kanyumbu.

A Kanyumbu anali ndi zigayo zinayi, ndipo musaganize kuti anali munthu woipa ayi. Pamaliro ankafika oyambirira, thumba la ufa lili kale pangolo. Chaka china mbewu zitachita bwino, anagula galimoto yaikulu, zija amakwera mabwana, zoti pokwera umayamba waponda pachitsulo ngati ukukwera nkhokwe. Inali yoyera mbee, mipando yachikopa, mkati mozizira ngati madzi a mumtsuko. Nyali zake zinali zikuluzikulu, zozungulira ngati maso a ng'ombe.

Tsono kuno kwathu pali chizolowezi. Mkwatibwi amakwera galimoto yoposa zonse m'deralo, ndipo imeneyo ndiyo imatsogolera mdipiti popita kutchalitchi. Mwini wake salipiritsa, malipiro ake ndi nthungululu. Zaka zinayi zathunthu, mkwatibwi aliyense wa kuno anakwera ya a Kanyumbu, ndipo womanga maliboni ndi mabaluni anali mwana wawo wamkazi mmodzi yekhayo, Chifuniro.

"Adadi, akwatibwi a eni ake ndawamangira okwana," ankatero Chifuniro. "Tsiku langa mudzandiyendetsa nokha, eti?"

"Ngakhale mwendo utatupa, ndidzaponda ndi winawo," ankayankha a Kanyumbu.

Tsikulo linadziwika: Loweruka lachiwiri la Okutobala, kutchalitchi cha kumudzi kwa a Nangondo, mayi ake a Chifuniro, kutsidya kwa mtsinje wa Kasangadzi. Kutatsala mwezi umodzi, mpamene zinthu zinasokonekera.

A Nangondo anali ndi mlongo wawo wamkulu, a Waisoni Gwaza, wogula soya ndi mtedza. Amenewa ndiwo anali malume ake a Chifuniro, mwini mbumba, nkhoswe ya ukwati wonsewo. Lamulungu lina anthu akutuluka m'mapemphero, anangoona a Gwaza akuimika galimoto pambali penipeni pa ya a Kanyumbu. Mtundu womwewo, msinkhu womwewo, kuyera komweko. Koma nkhope!

Opanga magalimotowa ndi ochenjera, ana inu. Galimoto ikatha zaka zingapo pamsika, sapanga ina yatsopano. Amangoisambitsa kumaso. Nyali zija anazichepetsa kukhala zosongoka, mphuno anaikulitsa n'kuiika mano onyezimira, bampala anaipinda mwina. Injini yomweyo, mafupa omwewo. Koma ukaziimika pamodzi, ina imaoneka mwana, ina mayi wake.

"Alamu!" anafuula a Gwaza akupukusa makiyi pachala. "Agogowa adzuka bwanji? Akumaonabe njira ndi maso awo a ng'ombewa?"

"Yanuyo ikuchita kutsinzina ngati njoka yodwala, alamu," anayankha a Kanyumbu. "Mwagula yomwe inabadwa masiku osakwana."

Anthu anaseka, a Kanyumbu nawonso anaseka, koma kuseka kwa mano okha. Ana amene ankathamangira galimoto yawo tsiku lililonse anali ataunjikana kwa a Gwaza, akudziyang'anira pa mano onyezimirawo.

A Kanyumbu sanali okha owawidwa. M'boma lonse la Dowa munali anthu ena awiri okhala ndi nkhope yakaleyo. Wina anati, "Zachibwana izi, angoipaka mafuta kumaso," koma mawa lake anamuona akuizungulira ya a Gwaza katatu, manja kumbuyo. Winayo anangosiya kuimika yake pamsika. Koma awiriwo analibe ukwati pakhomo.

Pamsonkhano wa komiti ya ukwati, mayi wina anakhosomola n'kunena kuti, "Nanga poti malume ake agula yatsopano, sitingaganizepo?"

"Mwanayu ndi mbumba yanga, inde," anatero a Gwaza, "koma asankhe yekha."

"Ine ndikwera ya adadi," anatero Chifuniro, osazengereza n'komwe.

Nkhani inathera pomwepo kwa aliyense, kupatula a Kanyumbu. Mawu a mwana wawo anawadutsa ngati mphepo, koma a mayi uja anawalowa ngati thekenya. M'maganizo mwawo ankaona mdipiti uli pamsewu, iwo ali patsogolo, koma makosi onse a anthu atapotokera kumbuyo, kwa mlamu wawo. Mwana ndi wa malume kale pa mwambo wathu. Nayo galimoto ikhale ya malume?

M'mawa mwake anapita kuseri kwa msika kwa a Bwanali, mmisiri wokhoma magalimoto, kukafunsa ngati yawo ingavekedwe nkhope yatsopanoyo.

"Zimatheka, bwana," anatero a Bwanali. "Nkhope zatsopanozi amagulitsa padera ku Dar es Salaam, zimabwera pabasi. Kungoti kapempheni alamu anu abwere nayo kuno, ndiiyeze ndi tepi, ndionenso nambala yake, kuti tiitanitse yeniyeni."

"Ine ndikagwade kwa Gwaza? Kuti mawa Mponela yense adziwe? Iyayi."

M'malo mwake anakabisala kuseri kwa mtengo wa mango pafupi ndi sikelo ya a Gwaza, munthu wamkulu ndi jekete lake, n'kujambula galimotoyo ndi foni, chapatali. Chithunzi chimenecho ndicho anatumiza kwa wamalonda wa ku Dar es Salaam. Wamalondayo anangoyankha kuti katundu alipo, anyamuka posachedwa.

"Yambani kuchotsa yakaleyi lero," anatero a Kanyumbu.

"Bwana, tidikire katundu afike. Kuti yatsopano ikhale, ndiyenera kudula zitsulo zogwira yakaleyi. Ndikadula, ndadula."

"Dulani. Akafika kudzangokhala kuveka. Masiku atha."

A Bwanali anadula. Sabata yomweyo kunabwera bambo wina wa ku Kasungu amene galimoto yake, ya mtundu womwewo, inagunda ng'ombe. Ataona nyali ndi bampala zili pansi, anafunsa ngati zili pamalonda. A Kanyumbu anati, "Tengani, ndisadzazionenso." Anapakira zonse, ulendo.

Kunyumba a Nangondo anafunsa kuti galimoto ili kuti. Atamva, anaika pansi lichero limene ankapetera.

"Bambo a Chifuniro, galimoto ija yakulakwirani chiyani? Inenso nkhope yangayi ndi ya chaka chomwe munandikwatira. Mukandisiyanso kwa a Bwanali?"

"Nangondo, zinthu za magalimoto simungazimve."

"Za magalimoto sindizimva, koma za inu ndi achimwene ndimazimva bwinobwino."

Katundu anafika Lachinayi, ukwati uli Loweruka. A Kanyumbu anang'amba okha makatoni. Mano onyezimira aja analimo, nyali zosongoka zija zinalimo. A Bwanali ananyamula mphunoyo n'kuigunditsa pagalimoto. Inaperewera chikhatho chathunthu uku, chikhatho chathunthu uko. Anayesa nyali, inangolowa m'bowo n'kugwera mkati.

"Bwana, iyi ndi ya mng'ono wake," anatero a Bwanali motsitsa mawu. "Mtunduwu uli pawiri, yaikulu ndi yocheperako. Pachithunzi chakutali zimaoneka chimodzimodzi."

A Kanyumbu anaimbira foni bambo wa ku Kasungu uja. Anayankha ali ku Chipata, akuthokoza kuti nyali zija zikuwala bwino kwambiri.

Lachisanu masana galimoto inalowa pakhomo ilibe nkhope. Mabowo awiri m'malo mwa maso, mawaya ali lendelende, ladiyeta, chija chimaziziritsa injini, ili pamtunda ngati nthiti za mbuzi yosenda. Amayi amene ankasenda anyezi pabwalo anaika mipeni pansi. Chifuniro anatuluka, tsitsi lomanga theka, n'kuima nthawi yaitali akuiyang'ana.

"Pitani kwa achimwene mukalankhule nawo," anatero a Nangondo. "Sangakukanizeni."

"Ndinanena kuti ndikwera ya adadi," anatero Chifuniro. "Tiiphimba ndi maluwa."

A Bwanali anali atawachenjeza a Kanyumbu pokatenga galimotoyo kuti, "Chilichonse muchite, koma pamphunopo musatseke. Injini imapumira pamenepo." Koma atayesa kuphimba ndi nsalu yokha, inkalowa m'mabowo, manyazi onse n'kumaonekera. Tsono a Kanyumbu anatenga makatoni aja munabwera katundu, anawadula bwinobwino, n'kuwamanga ndi waya kutsogolo konse. Pamwamba anakuta nsalu yoyera ya patebulo, yopinda pawiri, kenako maluwa ndi maliboni. Kunena zoona, inakongola. Anthu ena ankayesa ndi kamangidwe katsopano ka m'tauni.

Loweruka linacha ndi dzuwa la Okutobala, lija limaswa mtengo. Mdipiti unanyamuka, a Kanyumbu patsogolo, mwana wawo kumbuyo kwawo mu velo yake, mahutala akulira, lole ya amayi oimba ili pambuyo. Mpaka pamlatho wa Kasangadzi zonse zinali bwino. Atayamba kukwera chitunda cha kutsidya, a Kanyumbu anaona kamuvi kosonyeza kutentha kwa injini kakukwera. Anadziwa tanthauzo lake. Kukanakhala kuima, kung'amba makatoni, n'kupitiriza ulendo ndi nkhope yosendekayo, akanafika. Koma atayang'ana pagalasi, anaona maso osongoka a galimoto ya a Gwaza ali pambuyo pawo penipeni. Anaponda mafuta.

Pakati pa chitunda panamveka kuti phuu! Nthunzi inatuluka m'mbali mwa boneti, maluwa anafota pomwepo, galimoto inatsokomola kawiri n'kuima. Nyimbo ya palole inadukira pakati.

A Gwaza anatsika n'kubwera pawindo. A Kanyumbu anakonzeka kumva chipongwe, koma sichinabwere. Mlamu wawo anatambasula dzanja, makiyi ali pachikhatho.

"Alamu, abusa akudikira. Tengani yangayi muyendetse ndinu. Mwana ndi wanu."

"Adadi, tiyeni," anatero Chifuniro, atatsika kale, m'munsi mwa diresi mutafiira ndi fumbi.

Dzanja la a Kanyumbu linanyamuka pang'ono. Koma nthawi yomweyo amayi ena anayamba kumasula maliboni pagalimoto yakufayo n'kumakamanga pa mano onyezimira aja, wina n'kuimba nthungululu. Dzanja lija linabwerera m'thumba.

"Tsogolani. Sindingasiye galimoto pamsewu. Ndikupezani."

"Adadi, munalonjeza."

"Ndati tsogolani."

Chifuniro anawayang'ana, anapukuta m'maso ndi nsonga ya velo, n'kukwera. Malume ake ndiwo anamuyendetsa. A Kanyumbu anatsala okha pachitunda, fumbi la mdipiti likuwatsikira pajekete. Pamene mtima unawabwerera n'kuimitsa njinga ya kabaza, kunali kutachedwa. Anafika kutchalitchi anthu akutuluka, mphete zitavekedwa kale.

Madzulo ake a Bwanali anapita ndi thirakitala kukakoka galimotoyo. Akung'amba makatoni onyowa aja, anapukusa mutu n'kuuza a Kanyumbu kuti, "Bwana, mwachita za pusi. Ali pa nthambi yolimba, chipatso chili m'manja, waona china chapsa mumtengo wa mnzake. Wataya ichi, wasiya nthambi, walumpha. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada."

Amene anali pathirakitala anawamva mawuwo, ndipo pofika Lolemba anali atazungulira msika wonse. Mpaka lero timati: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Tanthauzo lake ndi ili, ana inu. Munthu amene maso ake ali pa cha mnzake, chake chimamuthawa m'manja, ndipo cha mnzakecho sachipezanso. A Kanyumbu galimoto yabwino anali nayo, mwana anali atawasankha pamaso pa anthu, ngakhale makiyi anachita kupatsidwa. Palibe anawalanda kanthu. Injini ija anaikonza patapita miyezi, koma mwana wamkazi anali mmodzi, ndipo ukwati wake sunabwerezedwe.

Nyamulani ufa wanu tsopano, wapera. Mukafika kwanu, mukawafotokozereko abale anu nkhaniyi mofatsa, makamaka uja amakonda kusuzumira m'mbale ya mnzake.