Chikopa cha Nguluwe ndi Agalu a Chatsalira

Chaka chimene mvula idadula mu Januwale, nguluwe zidalowa m'minda ya chinangwa kuseri kwa mapiri a Neno. Chimanga chinali chitapserera, ndipo banja la Chatsalira linkadalira munda umodzi wa chinangwa umene adalima mkazi wake, Nangondo.

Chatsalira anali mlenje wa dzanja losaphonya. Mlamu wake Ndeule, mchimwene wa Nangondo, anali wotsimphina ndipo mkondo sankaugwira. Ntchito yake inali yophunzitsa agalu. Ankamanga chingwe ku chikopa chouma cha nguluwe, n'kuchikoka m'thengo, kenako n'kumasula agaluwo. Wotsata fungo ankamusisita pakhosi, wopatukira kwa gologolo ankamubweza. Ankabwereza zimenezi masiku ambiri osatopa. Pa nyama iliyonse yophedwa, iye ankalandira mwendo wakutsogolo.

Mwendo umenewu ndiwo udautsa nkhani.

"Alamu, mano a nguluwe amang'amba ine, mwendo mukudya ndinu," adatero Chatsalira tsiku lina. "Kukoka chikopa nakonso ndi ntchito?"

"Ndi ntchito ya ife otsimphina," adayankha Ndeule akuseka. "Chikopa n'chanu, agalu ndi anu. Ine ndikapumeko."

Chaka chimenecho Chatsalira anali ndi agalu anayi atsopano. Adawaponyera chikopa pabwalo, iwo n'kuchinunkhiza, kuchiluma ndi kuuwa mwaukali. M'mawa mwake agaluwo adapirikitsa nguluwe mpaka kumtsinje, ndipo mwini wake adabwerera akuimba mluzu.

Patatha masabata atatu, Nangondo adabwera kuchokera kumunda dzuwa litangotuluka, atanyamula mitengo ya chinangwa yozulidwa. Chatsalira adatengera agalu pa mapazi a nguluwe amene anali asanaume n'komwe. Agaluwo adanunkhiza pang'ono. Awiri adatsata gologolo, awiri enawo adagona pamthunzi.

"Tatsala ndi theka la munda," adatero Nangondo. "Likatha limeneli, ana adya mkondo wanuwo?"

Chatsalira adapita kwa mlamu wake. Adamupeza pakhonde akufunafuna nsabwe m'misoko ya jekete.

"Mwabwera bwino, alenje," adatero Ndeule. "Tandiphereni kanyama aka. Koma ndi chala chimodzi, chanu champhamvucho."

Chatsalira adadina nsabweyo pansalu. Nsalu idangolowa m'kati, ndipo atachotsa chala, nsabwe idapitiriza ulendo wake. Adadinanso, osaphula kanthu. Pamenepo Ndeule adalowetsa chikhadabo chake pansi pa kachiromboko.

"Dinani tsopano."

Kudamveka kuti tswa.

"Chaswa ndi chala chanu, alamu. Changa chinangogwirizira."

Chatsalira adabwerera kwawo, n'kubwera ndi chikopa chija pamodzi ndi chingwe chatsopano. Ndeule adakoka chikopacho masiku asanu ndi atatu, mwendo ukumupweteka. Tsiku lachisanu ndi chinayi agalu adatsekereza nguluwe yaikulu pakati pa miyala, Chatsalira n'kuilasa. Theka la munda lija lidapulumuka. Chaka chotsatira agaluwo adatsata fungo la nguluwe popanda wowaonetsanso chikopa.

Akuti apa ndi pamene padachokera mawu akuti, "Chala chimodzi sichiswa nsabwe." Tanthauzo lake n'lakuti amene amamaliza ntchito amadalira wina amene sitimuona akugwira.

Sindingalumbire kuti mwambiwu udayambadi chonchi, koma zofanana nazo zimachitika m'thupi mwanu mukabayitsa katemera. Katemera ali ngati chikopa chija: amaonetsa thupi maonekedwe a kachirombo popanda kudwalitsa matenda ake. M'magazi muli maselo, tizigawo ting'onoting'ono ta thupi, otchedwa maselo a T opha, amene amawononga maselo athu omwe alowedwa ndi kachirombo. Mulinso maselo a T othandiza. Amenewa kawirikawiri sapha. Amatumiza zizindikiro zimene zimachititsa kuti opha aja achuluke, alimbe ndiponso asunge chikumbukiro cha mdaniyo.

Ofufuza aona kuti popanda thandizo limeneli, maselo opha angathe kudzuka ulendo woyamba, koma kachirombo kakabweranso amayankha mofooka. N'chifukwa chake opanga katemera wofuna kudzutsa maselo opha amayesetsa kuti adzutsenso othandiza. Chitetezo chokhalitsa chimafuna magulu onse awiri.