Njira Zitatu za Mwatitha

Makolo a anthu a m'tauni ya Chiwundu anachokera kuseri kwa mapiri a kumadzulo, kuthawa dzombe limene linadya minda yawo zaka ziwiri zotsatizana. Anali a mfunda wa Abanda, ndipo amene anawatsogolera anali Chimphonda, mwana wa Nangondo, pamodzi ndi mlongo wake Mwatitha, mayi wa Sikudziwa ndi Msatero, amene zidzukulu zawo zadzaza tauniyi lero.

Atayenda miyezi inayi, anafika patsinde pa phiri la Chiwundu chilimwe chikupita kumapeto, napeza chigwa chosalala chokoma m'maso. Amuna anasema zikhomo, aliyense nakhoma pamene pamukomera, monga amachitira anthu otopa akaiwala dongosolo.

Mwatitha yekha sanakondwere. Kwawo kuja ankapetera mapira kuseri kwa nyumba, ndipo chaka ndi chaka ankaona kuti mvula yoyamba inkanyamula mankhusu n'kuwasiya mumzere, momwe mwadutsa madzi.

"Achimwene, musazike nsichi," anatero. "Madzi ali ndi njira zawo pano, ndipo anafika ife tisanafike. Tikhale m'misasa mpaka mvula yoyamba itionetse."

Chimphonda anaseka. "Mlongo wanga, mvula ikatipeza tilibe denga, ana a anthuwa udzawafunditsa lichero lakolo?"

Anakangana masiku awiri, ndipo anagwirizana chonchi: anthu adikire, koma mvula ikapanda kuonetsa kanthu, Mwatitha ndi ana ake achoke akadzifunire kwawo, chifukwa chogonetsa anthu panja pachabe. Mwatitha anavomera, ngakhale mumtima ankadziwa kuti miyendo ya ana ake sikanathanso ulendo wina.

Mwatitha anasinthanitsa makasu awiri ndi mapira kwa anthu a tsidya la mtsinje, ndipo amayi akasinja, iye ankasonkhanitsa mankhusu m'madengu n'kukawaza chigwa chonse, kuyambira patsinde pa phiri mpaka kudambo. Panapita masiku makumi awiri kumwamba kuli mbee. Anthu anayamba kung'ung'udza namutcha Namankhusu, koma iye m'mawa uliwonse ankawazanso pamene mphepo yaseserapo.

Tsiku lina masana mvula inagwa ya mkokomo. Itakata, anthu anatuluka m'misasa napeza mankhusu onse atandanda m'mizere itatu yokhotakhota yotsikira kudambo, ndipo mzere waukulu unadutsa pakati penipeni pa malo a Chimphonda. Chikhomo chake anakachitola kudambo chili m'matope. Tsiku lachitatu mizere ija inamera mapira obiriwira, ngakhale m'mankhusumo munalibe njere ndi imodzi yomwe.

"Ine ndikanagona mumtsinje, mkazi wanga n'kumakandifuna kwa achule," anatero Chimphonda. Anatenga lichero la mlongo wake, nalivala kumutu, navina nalo pamaso pa anthu onse, amayi akululutira mpaka mawu kusasa.

Pamenepo Mwatitha anagawa malo mwadongosolo. Mizere itatu ija inakhala njira, ndipo analamula kuti munthu asamange pafupi nazo kosakwana mapazi khumi. Chitsime anachikumba kumtunda, makola ndi manda kumunsi, ndipo malo osinthanirana zinthu anawaika pachitunda pakati pa njira ziwiri, pamene pali msika waukulu lero. Dzinja limenelo nyumba sinagwe ndi imodzi yomwe.

Patapita mibadwo, mudzi utasanduka tauni, a khonsolo anabwera ndi zingwe zawo kuti awongole misewu ndi kudula mapuloti. Adzukulu a Msatero anawapempha kuti ayambe aona mvula imodzi. Ataiona, anapinda zingwe zawo, nalemba njira zitatu zija pamapu monga zinalili.

N'chifukwa chake misewu yonse ya ku Chiwundu ndi yowongoka kupatula itatu, yotakata ndi yokhota, imene madzi amatsata osalowa m'nyumba ya munthu. M'mbali mwa ngalande zake mumamera mapira chaka chilichonse popanda wofesa, ndipo palibe amene amawadula. Achinyamata amene akufuna kumanga pamene pawakomera apite akaone mapirawo.