Chipinda cha Pakhwawa

Anthu onse a mumsewu umenewo ankamutchula kuti Levulo, moti dzina lake lenileni linatsala pa chiphaso chokha. Anali mmisiri womanga nyumba, wa manja abwino, koma anali ndi nthenda imodzi yosamva mankhwala: sankafuna kuona chinthu chopendekeka. Akapita kocheza, anzake akuyang'ana nkhope za eni nyumba, iye maso ali pa mashelefu. Kwake tebulo lililonse linali ndi kapepala kopinda kunsi kwa mwendo. Mkazi wake ankati tsiku lina adzadzuka n'kupeza amuika pamphumi levulo, chipangizo chake choyezera kuwongoka kwa khoma.

"Madzi sanama," ankatero mkuluyu, akuloza kathovu koyandama m'kagalasi ka chipangizo chakecho. "Munthu akhoza kukunamiza, diso likhoza kukunamiza. Koma timadzi iti tikati khoma lapendama, gwetsa basi, osachita makani."

Chinthu chimodzi chokha n'chimene chinamukanika kuwongola. Kuseri kwa nyumba yake kunkadutsa kakhwawa kochokera kumtunda, kokhotakhota pakati pa mtengo wa gwafa ndi mpanda. M'chilimwe kankakhala kouma, pansi pake mchenga woyera mbee ndi timiyala tosalala. Mvula ikagwa kankadzuka n'kumaimba masana onse. Levulo akakayang'ana ankangopukusa mutu, ngati waona ntchito ya mmisiri waulesi amene anathawa asanamalize.

Koma mwana wawo wamkazi, yemwe anali mmodzi yekhayo, anakulira m'khwawa momwemo. Ali wamng'ono ankatsikiramo m'mawa, n'kutulukamo dzuwa litapendeka, matope thupi lonse, atangotsala maso okha, ndiye anam'patsa dzina loti Namatope. Ankamanga timadamu, kutseka madzi uku n'kuwatsegulira uko, kenako n'kukhala chete kumaonerera mchenga ukuyenda. Makolo ankati adzasiya akakula. Sanasiye. Anapita kusukulu, n'kukaphunzira za miyala ndi nthaka, ndipo ntchito inamutengera kutali, kudera la zigwa zikuluzikulu. Kwawo ankabwera mwa apo ndi apo, kugona pabalaza pakati pa matumba a simenti, kutacha n'kumapita.

Levulo ankamusowa mwana wakeyo. Kumusowako kunkamuwawa ngati dzino, koma kunena ndi pakamwa sankatha. Chimene ankatha ndi njerwa. Ndiye anadziwerengera yekha mumtima kuti mwana sakhalitsa chifukwa alibe pogona pakepake. Akam'mangira chipinda cha zenera lalikulu, chopakidwa laimu, chokhala ndi shelefu yoikapo miyala imene ankatolera, adzabwera n'kukhala mwezi wathunthu, mwinanso kupempha ntchito chapafupi. Malo omangapo panalibe ena koma pakhwawa paja.

Namatope atabwera ulendo wina, anapeza milu ya zidutswa za njerwa ndi dothi itaunjikidwa m'mbali mwa khwawa. Anaima nthawi yaitali, chikwama chili paphewa.

"Abambo, izi n'zachiyani?"

"Tikwirira chidzenjechi. Pakhala chipinda chako, mayi. Zenera kuyang'ana kolowera dzuwa."

Mtsikanayo sanakangane nawo. Anatenga njerwa ziwiri n'kuzigundanitsa pansi, n'kuthira mchenga pamwamba pake mpaka zinabisika. Kenako anazikoka pang'onopang'ono, ina uku ina uko. Mchenga wa pakati unamira, panatsala kachigwa ka makoma awiri.

"Kumene ndimagwira ntchito kuja kunachitika zimenezi," anatero. "Pansi pa dzikoli pali miyala ikuluikulu imene imayenda, kungoti imayenda mwaulesi kuposa mmene chikhadabo chimakulira. Ikakokana, pakati pamatitimira, ndiye chigwa chimenecho. Kwina nthaka imakwera m'mwamba, koma mtsinje umene unalipo kale sufuna kusamuka. Umangodulabe pansi, chaka ndi chaka, mpaka udzapezeke uli m'chigwembe chakuya choti munthu akaima pamwamba, mbalame amazionera kumsana."

Anatenga ketulo n'kuthira madzi pamulu wa mchenga. Madziwo anapeza njira, n'kukumba kamzere kokhota. Levulo anatulutsa mpeni wake womangira n'kusalaza bwinobwino. Mwana anathiranso, madzi n'kudutsa momwe muja.

"Mwaona? Mchenga wongoikapo kumene ndi wofewa kuposa wa m'mbali. Madzi amaudziwa."

"Ukuthira malo amodzimodzi, nanga apite kuti?" anaseka bambo wake.

"Nayonso mvula imathira malo amodzimodzi, abambo. Mtunda umene madziwa amachokera sunasamuke."

"Iwe, nyumba ndinayamba kumanga usanabadwe. Madzi tiwakumbira ngalande yawo, ya simenti, aziyenda mwaulemu."

Tsiku lobwerera, ali pageti, Namatope anacheuka kuyang'ana kuseri n'kufunsa motsitsa mawu, "Mukakwirira pamenepo, ine ndizidzabwera kudzaona chiyani?" Levulo anaseka, poyesa nthabwala. Mkazi wake sanaseke.

Anakwirira. Anasinja dothi mpaka mapewa kuwawa, n'kuthira maziko, n'kuimika makoma owongoka ngati kandulo. Madzi anawakumbira ngalande yoyenda m'mbali mwa mpanda, yokhota pakona mwa sikweya ngati ngodya ya nyumba, pakuti kukhota kwina kulikonse kunkamunyansa.

"Bambo ake," anatero mkazi wake atapinda manja, "munaonapo madzi akukhota ngati msilikali pa perete?"

"Aphunzira," anayankha Levulo.

Chipinda chinatha, ndipo kunena zoona chinali chokongola. Koma mwini wake sanabwere. Ankaimba foni, kulonjera, kufunsa za miyendo ya mayi ake, nkhani ya chipinda ikayamba n'kumati ntchito yachuluka. Levulo anazolowera kukalowamo yekha masana akaweruka msanga. Ankagona chagada pa simenti yozizira, dzuwa likulowera pazenera, fumbi likuyandama m'kuwalako, iye n'kumasinza.

M'tulo ta masana timeneto ankalota loto limodzimodzi. Ankapezeka ali pansi pa chigwembe chachikulu, makoma ake otalika mpaka thambo kungotsala kansalu. Makomawo anali a mizeremizere, wofiira, wotuwa, wachikasu, wina pamwamba pa unzake, ngati ntchito ya mmisiri amene analibe bwana womufulumizitsa. Pansi pankayenda timadzi tochepa, tofika m'kakolo, tikung'ung'udza nyimbo. Iye ankafunafuna poika levulo, osapapeza. Patsogolo pankayenda kamtsikana ka matope m'miyendo, ndipo akati akaitane mawu sankatuluka. Akadzidzimuka ankapeza mtima uli wolemera, osadziwa chifukwa chake.

Dzinja loyamba linadutsa bwino, ndipo Levulo ankayenda chifuwa patsogolo. M'dzinja lachiwiri, tsiku lina anaika levulo pansi m'chipindamo mwachizolowezi chabe. Kathovu kanasuntha. Sikanapite patali, kanangotsamira kumzere wa kumanzere ngati mwana wamanyazi. Anaitembenuza, kanatsamiranso. Anaipukuta ndi malaya, anaigogoda, koma kathovu kanakana kubwerera pakati.

Apa m'pamene mkuluyu anachita chimene sanachitepo chibadwire. "Levulo iyi yakalamba," anatero. "Yayamba kunama."

Anaipachika pamsomali n'kukabwereka ya mnzake. Nayonso inanena zomwezo, ndiye anati zipangizo za masiku ano n'zachabechabe. Anakanda simenti n'kuthira pansi ponse mpaka kathovu kanabwerera pakati, n'kupukuta manja mokhutira. Chitseko chitayamba kukhudza pansi, anachipala. Pakhoma patatuluka mng'alu wonga tsitsi, anaumata n'kupakapo laimu. Mkazi wake ankangomuyang'ana, pakuti anadziwa kuti munthu amene akutsutsana ndi levulo yake sangamvere mkazi.

Masana ena atagona khutu lili pa simenti, anamva kanthu pansi. Kanali kaphokoso kakang'ono, ngati munthu akumwa tiyi m'chipinda china. Anamvetsera, n'kuzindikira nyimbo ija ya m'maloto. Anadziuza kuti akulotabe, n'kutembenukira kwina.

Mvula imene inamaliza nkhaniyi sinabwere ndi mabingu ayi. Inayamba m'mawa mwaulemu, n'kumangogwa, kumangogwa. Pofika masana misewu ya kumtunda inali itasonkhanitsa madzi ake onse n'kuwatumiza kumunsi. Levulo ndi mkazi wake anaima pakhomo la khitchini akuonerera. Madzi ofiira anadzaza ngalande, n'kufika pakona ya sikweya ija. Sanakhote. Analumpha simenti n'kulunjika pansi pa chipinda, pomwe anzawo anali atakumba kale mwakachetechete.

Chipindacho sichinagwe mwaphokoso. Chinayamba chapendama, kenako chinagwada pang'onopang'ono ngati nkhalamba yofuna kukhala pamphasa. Khoma la kumanzere linatsanzikana ndi linzake, malata anapindika, shelefu ya miyala inayandama n'kumapita. Chinatsala ndi khoma limodzi lokha, la zenera lalikulu lija, ndipo pazenerapo pankaoneka mvula mbali zonse ziwiri. Levulo anakhala pansi pakhomo pomwepo, misozi n'kumatsika osaipukuta. Sankalirira njerwa. Ankaona kuti chingwe chokha chimene anali nacho chokokera mwana wake chaduka.

Mkazi wake ndiye anaimba foni. Sabata isanathe, m'mawa wina wa nkhungu, geti inalira. Namatope analonjera mayi ake, n'kugwira dzanja la bambo ake nthawi yaitali. Kenako anavula nsapato, n'kupinda buluku, n'kulowera kuseri.

Khwawa linali litabwerera momwe linkadutsa kale, kukhota kulikonse pamalo pake, kungoti tsopano linali lakuya kupitirira msinkhu wa munthu. Mtsikanayo anatsetserekeramo.

"Abambo, tabwerani mudzaone."

Levulo anakhala pamalopo zaka zonsezo, koma anali asanapondemo m'khwawamo. Anatsika chobwerera m'mbuyo, akugwira mizu ya gwafa. Atafika pansi anatembenuka n'kuima kakasi. Makoma anali a mizeremizere. Pamwamba panali mizere iwiri ya simenti yake, yoyamba ndi yobisira bodza ija. Kunsi kwake zidutswa za njerwa, kenako dothi lofiira, kenako lotuwa limene iye sanalionepo. Pansi penipeni panali mchenga woyera ndi timiyala tosalala, timadzi tofika m'kakolo tikuyenda pamwamba pake. Thambo linangotsala kansalu pakati pa masamba.

"Apa ndi pomwe ndinkakhala," anatero Namatope, akuloza mwala wina wathyathyathya. Anawerama n'kuzula kanthu m'matope. Inali kapu yachitsulo, yobenthuka m'milomo.

"Kapu yanga!" anakuwa mayi ake ali pamwamba. "Zaka zonsezi ndakhala ndikunena kuti bambo ako anaisiya kuntchito!"

Anaseka onse atatu, Levulo akuseka ndi maso onyowa. Kuseka kutatha anayang'ana pansi n'kunena movutikira, "Chipinda chako chapita, mayi. Ndimafuna uzikhala ndi pofikira."

"Pofikira panga ndi pano, abambo. Inu ndi amene munapatseka." Anatsuka kapu ija m'madzi n'kuipereka kwa bambo ake. "Ndapempha tchuthi mpaka mvula ithe. Tiyale miyala m'mbalimu, tidzale udzu wogwira nthaka, kuti khwawali lisadye nyumba yaikulu. Koma madziwa njira yawo tiwasiyire. Ine ndigona pabalaza, matumba a simenti aja ndinawazolowera."

Levulo anamuyang'ana mwana wakeyo, mayi wamkulu wa ntchito yake, matope ali mpaka m'mawondo, tsitsi lili ndi mchenga. Nthawi ino atamuitana mawu anatuluka, ndipo mwanayo anacheuka. Mkuluyu anatha zaka akulalikira kuti madzi sanama, koma ankangomvera a m'kagalasi okha. Anayenera kugwetseredwa chipinda kuti aone zonse ziwiri zitabwerera tsiku limodzi m'njira yake yakale, mtsinje ndi mwana yemwe. Akuluakulu sananame pamene anati madzi saiwala khwawa.