Dzuwa Lomwe Linamera Phazi

Kalekale, kutali ku China uko, kunali mudzi wa alimi a mpunga. Ngalande inali imodzi, minda iwiri. Wakumtunda unali wa a Gao, wakumunsi wa mayi wina dzina lake Lan. Anapangana kuti m'mawa madzi azithirira a Gao, dzuwa likafika pamutu azimutsegulira Lan.

Koma a Gao, inu! Akatseka madzi ankazembera kwa Ping, mkazi wamasiye wofulula mowa, kunyumba atanena kuti ali kumunda. Mbande za Lan zinafota, zinachita chikasu, zinagona.

"Aneba, madzi aja bwanji?" anafunsa Lan.

"Dzuwa silinafike, mayi."

"Lifika liti?"

"Kalifunseni. Munaliona lili ndi miyendo?"

Lan sanakwiye, anangodabwa. Zoonadi, chinthu chopanda miyendo chimachoka bwanji kum'mawa n'kukagona kumadzulo? Anazika nsungwi m'mbali mwa ngalande n'kukhala pansi. Anayang'ana, anayang'ana, anayang'ananso. Chithunzithunzi cha nsungwi chinkakwawa ngati nkhono, chikufupikirafupikira. Pomwe chinafupikitsitsa anaikapo mwala, ndipo pamwalapo anajambula dzuwa ndi khala, pamwamba pake phazi.

Mawa lake anthu anakhamukira kudzaona. Anabweranso akazi a Gao, mwana kumbuyo.

"Chimenechi ndiye chiyani, anzanga?"

"Ndi dzuwa likuyenda," anatero Lan. "Chithunzithunzi chikaponda mwalawu, amuna anu atsegule madzi."

"Aa, atsegula. Si ali m'munda momwemu?"

Ena anayang'ana kumwamba, ena pansi, ena anangotsokomola.

Chithunzithunzi chinaponda mwala, a Gao osaoneka. Chinaudutsa, osaoneka. Chitatalika, ndi awo akubwera chodzandira, mapazi oyera mbee opanda matope, m'kamwa mukununkha mowa wa Ping! Akazi awo anatsegula okha madzi aja, kenaka n'kuwakoka khutu mpaka kunyumba. Tsiku lomwelo anazika nsungwi yawo pakhomo, mwala pambali.

Mpunga wa Lan unadzuka, ndipo chojambula chija chinafalikira midzi yonse. Akuti n'chifukwa chake Atchaina akale, polemba mawu oti nthawi, ankajambula dzuwa ndi phazi. Phazilo analisintha m'kupita kwa zaka, koma dzuwa likadalipo m'chilembocho mpaka lero.

Mwamva, anzanga? Nthawi ndi dzuwa loyenda: silidikira munthu, ndipo silimubisira.

Yanga ndaitula pano, wofuna aisenze.