Fayilo Yotsekedwa ndi Mpunga wa Nanzunga

Kalekale, koma osati kale la mikondo ndi zishango ayi, kale la dzana lomweli makompyuta atayamba kulamula anthu, kunali mayi wina wamasiye dzina lake Nanzunga. Ankalima mpunga wa mthirira pa sikimu ina ya kuchigwa, ndipo ndime yake inali kumapeto kwenikweni, pa ngalande ya nambala 14. Mpunga umenewo ndiwo ankadalira iye ndi ana ake anayi kuti awoloke nawo miyezi ya njala. Nkhani yake imandiwawa mpaka lero, ndiye mundikhululukire ndikamakweza mawu.

Madzi pa sikimupo anali ochepa, moti anthu anali atatemanapo ndi makasu polimbirana. Choncho anagwirizana kuti geti la ngalande lizitsegulidwa pokhapokha wotsegula mageti akalandira uthenga pafoni. Uthengawo unkachokera ku kompyuta ya kakampani kena ka m'tauni, m'mawa uliwonse 8 koloko ikakwana. Kompyutayo inkawerenga fayilo imodzi momwe munalembedwa kuti ngalande yakuti ilandira madzi tsiku lakuti.

Pakampanipo panali anthu atatu. Bambo Likongwe anali wamkulu, Mwatitha ankayang'anira nkhokwe yosungira mafayilo, Ganizani ndiye ankakonza zolakwika. Nkhokweyo inali ndi lamulo lake: ukafuna kusintha fayilo umayamba waitseka ndi loko, ndipo anzako sangaikhudzenso mpaka iwe mwini utaibweza ndi kutsegula. Ati kuti anthu awiri asamafufutirane ntchito. Koma chinthucho sichinkafunsa wotseka kuti utsegula liti, sichinkamukumbutsa, ndipo wina akafuna kulowa chinkangomulavulira mzere wofiira wa Chingerezi wonena kuti fayilo ili ndi mwini wake. Amene anapanga chinthu chimenechi ndikukayika ngati anaferedwapo.

Lolemba lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, bambo Likongwe anatseka fayilo ija kuti asanjenso masiku a madzi. Asanafike n'pakati pomwe foni inalira: mayi awo amwalira ku Ntchisi. Anapinda laputopu, anathamangira kudepoti, foni anazimitsa. Zotsegula fayilo sizinawabwere n'komwe m'mutu.

Lachiwiri wotsegula mageti anaimba ku ofesi. Ngalande 14 inali itadumphidwa pa mndandanda, pamene Nanzunga anali atangowokera kumene mbande zake. Kukonza kwake kunali kulemba mzere umodzi basi. Ganizani anayesa, nkhokwe inamukaniza.

"Achemwali, thyolani lokoyu," anatero kwa Mwatitha. "Mphamvu muli nayo ndinu. Kuli mayi akuthirira ndime yathunthu ndi ndowa."

Mwatitha anasakasaka pothyolera, pomwe panabisidwa mkati mwa mkati, ndipo atapapeza panatuluka chenjezo loti ntchito ya mwini loko ikhoza kutayika. Kuti ntchito iti, yochuluka bwanji, chinthucho sichinanene. Tsono Mwatitha anali atathyolapo loko chaka chapitacho, ntchito ya masabata atatu ya bambo Likongwe omwewo n'kusokonekera, ndipo bambowo anamukalipira pamaso pa alendo mpaka iye anakalirira kuseri.

"Ine ayi, achimwene," anatero. "Munthu ali pachisoni, ndiye adzapeze ndamuwonongeranso ntchito? Mawa tikupita konko kumaliro, tikawafunsa."

Anapitadi. Lachitatu onse awiri anawagwira chanza bambo Likongwe, anapepesa, anaperekeza maliro mpaka kumanda. Laputopu inali m'nyumba momwemo, pamwamba pa kabati. Koma ndani akanayambitsa nkhani ya fayilo pasiwa, amayi akuimba nyimbo za chisoni? Ganizani ankayang'ana Mwatitha, Mwatitha ankayang'ana pansi. Anadya, anatsanzika, anakwera minibasi n'kubwerera osatchula liwu ndi limodzi lomwe. Mtunda wonse uja! Ulemu ndi wabwino, sindikukana, koma wa tsiku limenelo umandinyansa.

Nthawi yonseyi Nanzunga anali kalikiliki pakati pa chitsime ndi munda. Ana awiri aakulu anawajombetsa kusukulu, mlamu wake ndi mkazi wake anabwera kudzathandiza. Makosi anauma ndi kusenza, koma mbande zinali zidakali moyo.

Lachisanu Ganizani anapsa mtima n'kudzera kuseri. Anakopera fayilo ija, analembamo mzere wa ngalande 14, n'kukaiika mwachindunji mu kompyuta yotumiza mauthenga osadutsa kunkhokwe. Tsiku lopanda mwini linali Lolemba, ndiye anaika Lolemba. Sanamuuze Mwatitha poopa kuti amuletsa. Sanawasiyirenso bambo Likongwe ngakhale kakalata, poopa kuoneka ngati akuderera wamkulu. Kenako anamuimbira Nanzunga.

"Amayi, ndowa zija ikani pansi, mupumule. Lolemba madzi akukufikani. Ndakonza ndekha ndi manja angawa."

Mayi uja anathokoza kwambiri. Anauza mlamu wake kuti abwerere kwawo, anauzanso ana kuti achape mayunifolomu.

Lolemba bambo Likongwe analawirira 7 koloko, mutu uli wometa. Sanafunse munthu ngati panachitika kanthu sabata yonse imene anachokapo. Anamaliza ntchito yawo, anabweza fayilo, anatsegula loko. Nkhokwe sinkadziwa za kuseri kwa Ganizani, ndiye inatenga fayilo ya bambo Likongwe n'kukaiunjika pamwamba pa ya Ganizani, mzere wa ngalande 14 n'kufufutika. Ndipo chinthu chopanda manyazicho chinaonetsa kachizindikiro kobiriwira, ati zonse zayenda bwino. 8 koloko mauthenga anapita. Ganizani anaona kuti loko watseguka, mtima unakhala pansi, osaonanso ngati mzere wake ulipo.

Nanzunga anakhala pa ngalande ndi khasu m'manja kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Wotsegula mageti anamuonetsa foni: uthenga wa 14 munalibe, ndipo iye sakanaphwanya pangano la sikimu yonse. Lachiwiri wotsegula mageti uja anaimbanso ku ofesi. Kukonza kunatenga mphindi ziwiri. Lachitatu madzi anafika, n'kumalowa m'ming'alu ya nthaka, mbande zili gwaa ngati udzu wofolera.

Patapita masiku awiri chitseko cha ofesi chinatseguka popanda odi. Nanzunga analowa, mapazi ali fumbi lokhalokha, n'kumasula chitenje patebulo. Mbande zouma zinamwazikira pa makompyuta.

"Ndamva kuti madzi athu amachokera muno," anatero. "Sindinabwere kudzapempha kanthu kwa inu, ayi. Mawa alimi akukumana pa sikimu. Ndikufuna munthu mmodzi, amene wapha mpunga wanga, akaime kutsogoloko awauze ana anga chifukwa chake azigona ndi njala chaka chino. Mmodzi. Musandibweretsere gulu loti lizikaponyerana."

Bambo Likongwe anaimirira, maso ali psuu. "Mayi, ine ndinali kukaika mayi anga ondibereka. Kutseka fayilo ndi lamulo, sindinalakwe. Awa anabwera kumaliro, anandigwira chanza, anadya chakudya cha pakhomo panga. Akanangondinong'oneza, ndikanatsegula ndili pamkeka pomwepo!"

"Kukunong'onezani inuyo?" Mwatitha anakuwa, ulemu wonse utamuthera. "Mwaiwala mmene munandinyozera pamaso pa alendo? Munati loko wa munthu amatsegula ndi mwini wake, ndipo ndikadzabwerezanso ndidzaone msana wa njira. Ndatsata mawu anu omwe. Mukanatha kutsegula musanathamange, mukanatha kufunsa mutabwera!"

"Nonsenu munangokhala, manja lende," anatero Ganizani. "Ndine ndekha amene ndinachitapo kanthu. Mukanathyola Lachiwiri, achemwali, ine sindikanadzera kuseri. Ndipo mzere wanga unali bwinobwino mpaka abwanawa anaufufuta."

Nanzunga anamuyang'ana nthawi yaitali. "Mawu akowa ndawazindikira. Ndiwe unati ndiike ndowa pansi. Mbande zanga zinali zamoyo, mwana iwe. Zinali zamoyo ndikusenza ndekha madzi pamutu."

Kenako atatu onse anagwirizana chimodzi kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo. Anati cholakwa ndi nkhokweyo, imene imatseka osakumbutsa, imaopseza osalongosola, ndipo imafufuta ntchito ya munthu n'kumati zayenda bwino.

"Chabwino," anatero mayi uja. "Ili ndi miyendo? Ili ndi nkhope yoti ana anga akaiyang'ane? Ngati ilibe, sankhani. Minibasi yoyamba imanyamuka 6 koloko, ndikhala ndikudikira pa siteji."

Anapinda chitenje chake, mbande anazisiya pomwepo, n'kutuluka.

Ine nkhokweyo ndimaida kuposa mmene anaidera atatu aja, koma mayi uja ananena zoona, siingakwere minibasi. Ndiye nkhani ndaitula m'manja mwanu, ndipo musandiyankhe zoti onse analakwa, yankho la ulesi limenelo Nanzunga analikana kale. Pali bambo Likongwe amene anatseka n'kuchokapo chifukwa cha maliro a mayi awo, n'kubwera osafunsa kanthu. Pali Mwatitha amene anali ndi mphamvu m'manja koma anaopa kupwetekanso wamkulu woferedwa. Pali Ganizani amene yekha anafuna kuthandiza, koma mobisa, n'kutulitsa mayi ndowa imene inkasunga moyo wa mbande. Mwa atatuwa, ndani akaime pamaso pa ana anayi aja?